Kuchokera ku Mzuzu kukafika ku London: makilomita a pamapu ndi maola a panjira

Lolemba, Mzuzu

Mukayeza molunjika, kuchokera mu mzinda uno kukafika pabwalo la ndege la Heathrow ku London pali makilomita pafupifupi 7,750. Kuchokera pabwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, komwe tonse timakakwerera, ndi pafupifupi 8,000. Ndiye kuti munthu wa ku Mzuzu ali pafupi ndi London kuposa wa ku Lilongwe, koma ulendo wake umayamba n'kubwerera m'mbuyo, kulowera kummwera, chifukwa bwalo lathu kuno ndi laling'ono, silitera ndege zikuluzikulu zopita kunja.

Nambala imeneyi siichokera m'mutu. Mzuzu ili madigiri pafupifupi 11.5 kummwera kwa ikweta, London ili madigiri 51.5 kumpoto kwake. Mukaphatikiza ndi madigiri 63, ndipo digiri iliyonse yopita kumpoto kapena kummwera ndi makilomita 111. Pamenepo pokha pakwana kale pafupifupi 7,000. Komanso London ili kumadzulo kwathu ndi madigiri 34. Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka: amachulukitsanso 34 ndi 111 n'kuwonjezera, zotsatira zake n'kupitirira 10,000. Zifukwa zolakwikira ndi ziwiri. Ndege simayamba yapita kumpoto kenako n'kukhotera kumadzulo, imadula chopingasa. Chachiwiri, mizere yochokera kumpoto kutsikira kummwera imayandikana mukamatalikira ikweta, moti digiri imodzi ya kummawa ndi kumadzulo ku London ndi makilomita 69 okha.

Amene ali ndi mpira wa mapu a dziko, wa mtundu uja umakhala pa tebulo la aphunzitsi a jogalafe, atenge ulusi, apanikize nsonga imodzi pa Malawi ina pa England, aukoke mpaka uthine. Momwe wagonera ulusiwo ndimo muli njira yaifupi koposa. Pamapu a papepala njira yomweyo imaoneka yopindika, chifukwa pepalalo limatambasula maiko a kumpoto kuti dziko lobulungira likwane pamalo afulati.

Chenjeraninso ndi muyezo. Makilomita 8,000 omwewo ndi mamailosi pafupifupi 5,000, ndipo oyendetsa ndege amawerenga m'mamailosi a panyanja, omwe imodzi ndi makilomita 1.852, kotero kwa iwo ndi pafupifupi 4,300. Mukapeza nambala zitatu zosiyana pa intaneti, yang'anani kaye zilembo zili kumapeto kwa nambalayo musananene kuti wina akunama.

Pakadali pano palibe ndege yochoka m'Malawi n'kukatera ku London osaima. Muyenera kusinthira kwina, ndipo njira zodziwika ndi zitatu. Ya ku Nairobi ndiyo yaifupi: makilomita pafupifupi 1,430 kukafika ku Kenya, kenako 6,830, zonse pamodzi pafupifupi 8,260. Ya ku Addis Ababa ndi 2,600 kuwonjezera 5,900, kukwana 8,500. Ya ku Johannesburg imakutsitsaninso kummwera makilomita pafupifupi 1,500, n'kukwezanso oposa 9,000, zonse pamodzi kupitirira 10,500. Pakati pa Nairobi ndi Addis kusiyana kwake ndi mphindi zosakwana makumi awiri za mumlengalenga, choncho musasankhe tikiti poyang'ana makilomita. Yang'anani maola odikira posinthira, komanso ngati ndege yoyambayo siima pa mzinda wina isanafike komwe mukusinthira. Ife tadzera ya ku Addis.

Lachiwiri, Mzuzu

Lero ndi la sikelo ndi mapepala.

Pa matikiti ambiri otsika mtengo chikwama chimodzi cholowa pansi pa ndege sichiyenera kupitirira makilogalamu 23, cham'manja 7. Kuchuluka kwa zikwama kwalembedwa pa tikiti yanu, werengani pamenepo, musadalire zomwe anauzidwa achimwene anu chaka chatha. Ngati akulolani ziwiri za 23, sizitanthauza kuti chimodzi chikhale 30 china 16. Chilichonse amachiyeza pachokha. Chopitirira 32 amachikaniratu ngakhale mutafuna kulipira, chifukwa pali anthu ochinyamula ndi manja. Sikelo zopachika za mumsika zimatha kuphonya ndi kilogalamu imodzi, ndiye siyani mpata, mulekezere pa 22.

Zotumiza za abale ndizo zimalemeretsa chikwama, ndiponso ndizo zimalandidwa. Dziko la Britain sililola munthu wochokera kuno kulowa ndi nyama kapena zamkaka, kaya ndi nyama yofutsa kaya ndi chambiko. Nsomba zouma amalola mpaka makilogalamu 20 pa munthu, uchi mpaka 2. Usipa wa ku Nkhata Bay upita ndithu, bola ukhale wouma gwa, womanga m'mapepala apulasitiki awiri kapena atatu, kenako muchigoba chotseka bwino. Wouma mosakwanira umatuluka thukuta m'pulasitiki, pofika uko umakhala wachita nkhungu ndipo zovala zonse zatenga fungo. Khofi wa ku Mzuzu wokazinga, wa m'paketi yake, savuta. Zipatso ndi masamba osaphika ambiri amafuna chikalata cha zaulimi, asiyeni. Botolo la tsabola lilowe m'chikwama chachikulu, chivindikiro chake mutachikulunga ndi tepi, chifukwa m'chikwama cham'manja chamadzimadzi chilichonse sichipitirira mamililita 100.

Power bank ndiye mosemphanitsa: ikhale m'manja, osati pansi pa ndege, popeza batire ya lithium ikagwira moto pamafunika munthu woiona msanga. Malire ake ndi 100 Wh (Wh ndi mAh ndi miyezo ya kuchuluka kwa magetsi omwe batire imasunga). Ya 20,000 mAh ndi pafupifupi 74 Wh, imadutsa bwinobwino. Ikapitirira 27,000 mAh yadutsa malire, muyambe mwafunsa kampani ya ndege.

Mzika ya Malawi imafunika viza kuti ilowe ku Britain, ndipo wokakhala miyezi yoposa 6 amayenera kuyezetsa TB asanapemphe vizayo. Dzina la pa tikiti lifanane ndi la m'pasipoti chilembo ndi chilembo. Ambiri kuno tili ndi dzina la kusukulu, la ubatizo ndi la makolo, ndipo wogulira tikiti ali kunja amalemba lomwe amakuitanirani pakhomo. Kukonza zimenezo pakauntala, ndege ili pafupi kunyamuka, n'kovuta kwambiri. Onani lero, muli ndi nthawi yoimba foni.

Mankhwala omwe mumamwa tsiku ndi tsiku, kalata ya adokotala, ndi zovala zosinthira za tsiku limodzi zikhale m'chikwama cham'manja.

Lachitatu, msewu wa M1

Kuchokera ku Mzuzu kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 350 pamsewu, ndipo basi imatenga maola asanu mpaka asanu ndi awiri malinga ndi maimidwe ake. Molunjika, kukafika ku Lumbadzi ndi makilomita 260 okha.

Msewu umakwera mapiri a Viphya n'kulowa m'nkhalango ya Chikangawa. Mwezi uno wa Juni chifunga chimagwa mpaka galimoto ya patsogolo panu osaiona, mitengo ya paini ikungodontha madzi, ndipo dalaivala wanzeru amayatsa nyali n'kuyenda pang'onopang'ono. Nyengo ya kuno si yoiseweretsa ngakhale kwa oyenda mumlengalenga. M'nkhalango yomweyi ndi momwe inagwera ndege ya asilikali pa 10 Juni 2024, itanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Dr Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu, italephera kutera ku Mzuzu chifukwa cha nyengo yoipa. Palibe amene anapulumuka. Mizimu yawo iuse mumtendere.

Mukatsika mapiri mumadutsa mphambano ya ku Mzimba, Jenda pomwe pali chipata cha apolisi, Kasungu, Madisi, Mponela, kenako Lumbadzi. Wochokera kumpoto amafika pa mphambano ya ku bwalo la ndege asanalowe mu mzinda, popeza bwaloli lili makilomita oposa 20 kumpoto kwa Lilongwe. Ngati muli ndi pogona chakufupi ndi Lumbadzi, uzani kondakitala pokwera pomwe kuti zikwama zanu aziike chapakhomo, apo ayi zikakwiririka ndi matumba a anthu otsikira mu tauni.

Langizo lathu ndi limodzi ndipo sitiligonjera: musanyamuke ku Mzuzu tsiku lomwe ndege ikunyamuka. Anthu amawerengera kuti basi ya m'bandakucha iwafikitsa nthawi ikadalipo. Tayala limodzi likaphulika pa Chikangawa, kapena lole ikagona pamsewu, tikiti ya ndalama zankhaninkhani yapita, ndipo kampani ya ndege ilibe mlandu ndi basi yomwe siyake. Ndalama ya chipinda cha usiku umodzi ndi yochepa poyerekeza ndi imeneyo.

Lachinayi, Lumbadzi mpaka Addis Ababa

Fikani pabwalo kukadali maola atatu. Pakauntala akamata kapepala pa chikwama chanu, werengani zilembo zitatu zazikulu zili pamenepo chikwamacho chisanalowe. LLW ndi Lilongwe, ADD ndi Addis Ababa, LHR ndi Heathrow, LGW ndi Gatwick, lomwe ndi bwalo lina la London, kummwera kwa mzindawo. Ngati mukupita ku Heathrow, zomaliza zikhale LHR. Zikathera pa ADD ndiye kuti chikwamacho chikatsikira ku Ethiopia. Kachidutswa kokhala ndi nambala komwe akupatseni mukasunge m'pasipoti, mukajambulenso pafoni.

Apa mpomwe pamaonekera ubwino wa tikiti imodzi. Ulendo wonse ukakhala pa nambala imodzi, ndege yoyamba ikachedwa n'kukuphonyetsani yachiwiri, ndi udindo wa kampaniyo kukupezerani ina. Mukagula matikiti awiri osiyana pofuna kupulumutsa ndalama, kampani yachiwiri imangolemba kuti simunabwere, ndipo kawirikawiri imafafanizanso ulendo wanu wobwerera.

Tsopano nkhani ya mtunda. Mzere wolunjika wochoka ku Lumbadzi kupita ku Addis Ababa umalowera kumpoto, kupendekera pang'ono kummawa, ndipo umadutsa chapafupi ndi Nkhata Bay. Njira zomwe ndege zimapatsidwa zimapatuka pang'ono pa mzerewu, komabe pasanathe theka la ola chinyamukireni mumakhala mwafikanso pa mulingo wa Mzuzu. Mtunda womwe basi inalimbana nawo dzulo theka la tsiku, ndege yaubweza ogwira ntchito asanayambe n'kugawa komwe chakudya. Kukakhala kopanda mitambo, nyanja imaoneka pansipo, mbali ya kuno ndi ya ku Tanzania zonse m'diso limodzi, mapiri a Livingstone atatsetserekera m'madzi. Pemphani mpando wa pazenera, kutali ndi phiko.

Ikafika pamwamba ndege imayenda makilomita 850 mpaka 900 pa ola, pa utali wa makilomita 10 mpaka 12 kuchokera pansi. Pa sikirini mudzaona 35,000, amenewo ndi mafiti, kapena kuti mamita pafupifupi 10,700, ndipo kunjako kumazizira mpaka madigiri 50 pansi pa ziro. Mukagawa 2,600 ndi 870 mupeza maola atatu, koma pa tikiti amalemba pafupifupi anayi. Sikuti alakwitsa. Nthawi ya pa tikiti imayambira pomwe ndege yasuntha pamalo oimikapo mpaka itaimanso uko, ndiye muli kuyenda pansi, kudikira chilolezo, kukwera komwe kumatenga mphindi makumi awiri kapena kuposa, ndi kutsika komwe kumayamba kukadali makilomita pafupifupi 200. Kawerengedwe kosavuta nkakuti gawani makilomita ndi 850, muwonjezere mphindi 40.

Ikweta timaidutsa pamwamba pa Kenya.

Addis ili ola limodzi patsogolo pa Malawi. Nthawi zonse zolembedwa pa tikiti ndi za malo omwe ndegeyo ili, osati za kwathu, kotero sinthani wotchi mukangotera. Foni yopanda netiweki imatha kukhalabe pa nthawi ya Malawi, munthu n'kukhala phee akumwa tiyi poganiza kuti ola likadalipo, geti litatsekedwa kale. Chinanso: Aitiyopiya pakati pawo amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, moti yomwe ife timati 8 koloko iwo amati 2 koloko. Zikwangwani za pabwalo zimatsata nthawi yomwe tonse tinazolowera, khulupirirani zimenezo.

Lachisanu, Addis Ababa mpaka Heathrow

Bwalo la Bole lili mamita oposa 2,300 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, pomwe Mzuzu ili pafupifupi 1,250. Pamalo okwera chonchi mpweya ndi wopepuka, mainjini sakoka mokwanira ndipo mapiko amafuna liwiro lalikulu kuti anyamule. Kukatentha zimanyanya. Usiku mpweya ukazizira umalemerako, ndege yodzaza mafuta ndi katundu n'kunyamuka bwino, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe zopita ku Ulaya zimachokera pano pakati pa usiku. Zina zopita ku America zimachita kuima panjira kumwa mafuta, chifukwa sizingadzuke pa Addis matanki ali odzaza.

Chifukwa china chili ku London. Heathrow ili ndi malamulo ochepetsa ndege za usiku kuti anthu oyandikana nalo azigona, choncho zochokera kutali amazikonzera kuti zizifika m'mamawa.

Kawerengedwe ka maola apa kamapusitsa. Tiyerekeze tikiti yalemba kunyamuka 01:00, kufika 07:00. Diso limati maola asanu ndi limodzi. Koma mwezi uno London ili maola awiri m'mbuyo mwa Addis, ndiye enieni ndi asanu ndi atatu. Kuyambira Lamulungu lomaliza la Malichi mpaka Lamulungu lomaliza la Okutobala, Britain imakankhira wotchi patsogolo ndi ola limodzi, n'kukhala ola limodzi lokha m'mbuyo mwa Malawi. Miyezi yotsalayo kusiyana ndi kwathu ndi maola awiri, ndi Addis atatu. Okakuchingamirani auzeni nambala ya ndege, osati ola lokha.

Mzere waufupi kuchoka pa Addis umadutsa pamwamba pa Sudan, Egypt, nyanja ya Mediterranean, kenako Ulaya. Chibukireni nkhondo ku Sudan mu Epulo 2023, ndege zambiri zakhala zikulambalala mlengalenga mwa dzikolo, ndipo kulambalalako kumawonjezera makilomita ndi mafuta. Mitambo ya mabingu nayonso amaizungulira. N'chifukwa chake mtunda womwe ndege yayenda umaposa wa pamapu nthawi zonse. Mphepo yamphamvu ya m'mwamba, yomwe imawomba kuchokera kumadzulo kupita kummawa, siivutitsa kwenikweni njira yathuyi poti ife tikupita chakumpoto. Imaonekera bwino pakati pa London ndi New York, makilomita pafupifupi 5,550, pomwe kupita kumatenga maola pafupifupi asanu ndi atatu koma kubwera asanu ndi awiri.

M'ndege za Airbus A350 ndi Boeing 787 mpweya wa mkati amausunga ngati wa pa mamita 1,800, kotero mukakhala pamwamba pa chipululu mumapuma mpweya wolemerako kuposa wa pabwalo la Bole lomwe mwachoka. Vuto ndi kuuma kwake. Milomo imachita ming'alu, mphuno kuuma. Imwani madzi kawirikawiri, mowa muchepetse. Kukhala malo amodzi maola oposa anayi kumachititsa magazi kuyenda mwaulesi m'miyendo mpaka ena kuundana, choncho dzukani pakapita maola awiri, muyende kufika kumbuyo n'kubwerera. Amayi oyembekezera, achikulire ndi omwe achitidwa opaleshoni posachedwa ayambe aonana ndi adokotala. Potsika makutu amatseka chifukwa mpweya wa kunja kwa khutu ukuwonjezeka msanga kuposa wa mkati. Mezani malovu, yasamulani, ndipo mwana wakhanda ayamwe nthawi imeneyo.

Heathrow ili ndi misewu iwiri yokha ya ndege, imodzi yonyamukira ina yoterera nthawi zambiri. M'mawa zikachulukana amaziimika pamzere mumlengalenga, kuzungulira pa malo anayi otchedwa Bovingdon, Lambourne, Biggin ndi Ockham. Mukaona pa sikirini kandege kakujambula mkombero, musade nkhawa, mafuta a zimenezo anawerengeredwa kale.

Pa chipata cholowera mzere wa mapasipoti ngati athu umatha kutenga ola. Khalani ndi keyala ya komwe mukafikire, nambala ya foni ya mwini nyumba ndi tikiti yobwerera, zonse papepala, kuopa foni kuthima. Kuchoka pabwalo kukafika pakati pa mzinda ndi makilomita pafupifupi 24: sitima ya Piccadilly imatenga pafupifupi ola ndipo ndiyo yotsika mtengo, Elizabeth line theka la ola kukafika ku siteshoni ya Paddington, Heathrow Express mphindi 15 koma pamtengo wokwera.

Loweruka, London

Tiwerengere pamodzi. Basi maola asanu ndi limodzi, usiku wa ku Lumbadzi, maola atatu pabwalo la Kamuzu, anayi kukafika ku Addis, anayi kapena asanu odikira, asanu ndi atatu kukafika ku Heathrow, awiri kapena atatu a chipata, zikwama ndi sitima. Wonyamuka ku Mzuzu Lachitatu m'mawa amagogoda pakhomo ku London Lachisanu chakum'mawa, patadutsa maola pafupifupi 50, ndipo mwa amenewo a m'ndege ndi 12 okha. Wopempha tchuthi kuntchito awerengere masiku awiri athunthu kupita, awiri kubwera.

Tulo sitisokonekera kwambiri poti wotchi yasuntha ola limodzi lokha. Chosokoneza ndi dzuwa. Kwathu usana umasinthasintha pang'ono, pakati pa maola 11 ndi theka ndi pafupifupi 13. Kuno mu Juni usana umapitirira maola 16, dzuwa limatuluka 5 koloko isanakwane n'kulowa itadutsa 9 koloko usiku, ndipo ana amakana kugona poti kunja kukuwala. Mu Disembala usana sukwana maola 8. Juni yemwe ku Mzuzu timavala majuzi awiri kuno ndi chilimwe chawo, koma jekete lamvula musalisiye.

Za pobwerera pali ziwiri zofunika kuzikonzekera mukadali kuno. Ethiopia ndi Kenya ali m'gulu la maiko omwe kumapezeka matenda a yellow fever, ndipo Malawi imafuna khadi la katemera kwa munthu yemwe wakhala pabwalo la dziko lotero maola oposa 12. Ndege ikachedwa mukhoza kupitirira maola amenewo musanafune. Khadilo limayamba kugwira ntchito pakatha masiku 10 chibayitsireni, ndipo kuyambira 2016 katemera mmodzi ndi wa moyo wonse, choncho ndi bwino kungokhala nalo.

Chachiwiri ndi chikwama chotsalira. Posinthira pakakhala pothina, munthu amathamanga n'kukwera koma chikwama chimatsala, n'kubwera ndi ndege yotsatira. Kwa wa ku Area 25 ku Lilongwe imeneyo ndi nkhani yaing'ono. Kwa ife ndi makilomita oposa 300 kupita, enanso kubwera. Musatuluke m'chipinda cholandirira katundu musanalembetse fomu ya katundu wosowa ndi kulandira nambala yake. Lembanipo keyala ya ku Mzuzu ndi foni yomwe ikugwira ntchito m'Malawi, osati ya ku Britain, ndipo funsani momveka ngati adzachitumiza okha kumpoto kapena mukachitenge nokha. Akati mukachitenge, siyani kalata yololeza m'bale wa ku Lilongwe pamodzi ndi fotokope ya pasipoti yanu musanakwere basi. Chikwama chikafika chothyoka, dandaulo lake lilembedwe pasanathe masiku 7. Chikapanda kuoneka mpaka masiku 21, chimawerengedwa kuti chatayika ndipo mukhoza kuitanitsa chipukutamisozi.